Kukaona msika wa Khrisimasi ku Nürnberg: za kahotelo, kiyi ndi chisanu

Ikangokwana December ma status amadzaza ndi zithunzi za anthu atavala zipewa zaubweya, m'manja muli kakapu kofuka nthunzi, kumbuyo timagetsi tili phethiphethi, ndiye mafunso nkuyamba, kodi kumeneku nkuti, munagona kuti, zinakudyerani zingati. Ndati ndilembe kamodzi bwinobwino makamaka kwa abale amene muli ku UK ndi maiko ena a ku Ulaya, komanso makolo amene mwabwera kudzaona ana ndipo akufuna akuyendetseniko pang'ono. Misika ya Khrisimasi yotereyi ilipo yambiri, Dresden, Köln, Strasbourg, ngakhale ku Birmingham kuli wawo uja amati wa Frankfurt, koma ine ndikamba wa ku Nürnberg m'chigawo cha Bavaria ku Germany, pa tikiti ya ndege mukaona alemba Nuremberg ndi komweko. Msika wake ndi Christkindlesmarkt, umakhala pa bwalo la Hauptmarkt pakati penipeni pa tauni yakale, amatsegula Lachisanu lomaliza lisanafike Lamulungu loyamba la Advent, nyengo ija yokonzekera Khrisimasi, nthawi zambiri kumapeto kwa November, nkutseka pa 24 December. Anthu obwera m'masabata ochepawa amakwana pafupifupi 2 miliyoni pomwe mzindawo uli ndi anthu ongopitirira theka la miliyoni, ndiye mutha kuona nokha kuti msika sudzakuvutani kuupeza, chovuta ndi pogona.

Ine ndimati kahotelo kakang'ono ka marumu ochepa komwe mutha kufikako wapansi kuchokera pa msika kamaposa chihotelo chachikulu cha magalasi chomwe chili kutali kofuna sitima. Chifukwa chake ndi chisanu basi. Palibe amene angaime panja kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 9 usiku kukuzizira cha m'ma 0 digiri, thupi limafuna kobwerera masana, kuvula nsapato, kumwa kanthu kotentha, nkutulukanso dzuwa likamalowa. Koma kahoteloko kali ndi makhalidwe ake, kali ngati resiti hausi ya pa boma paja mwini wake akatseka amapita kwawo kukagona, ndiye mukafika mosakonzeka mutha kuima pa khomo ndi sutikesi mukugogoda chitseko chopanda munthu.

Choyamba ndi mapepala. Ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe mufunika viza ya Schengen, ija yolowera ku Germany ndi maiko ambiri a ku Ulaya, zilibe kanthu kuti mwakhala ku Leeds zaka zingati kapena muli ndi chilolezo chokhala ku UK mpaka kalekale, chimenecho sichikulowetsani ku Germany. A pasipoti ya Britain inu dumphani ndime ino. Viza amalola kufunsira kutatsala miyezi 6 kuti ulendo ufike, ndiye musadikire November chifukwa ma apointimenti amatha, September kapena kumayambiriro kwa October ndiye bho. Mtengo wake ndi 90 euro munthu wamkulu kuyambira June 2024, kuwonjezera ndalama ya kampani yolandira mafomu, ndipo amafuna inshuwalansi ya ulendo yosachepera 30,000 euro, tikiti yopita ndi yobwerera, sitetimenti ya ku banki, ndi umboni wa komwe mukagone. Apa ndi pomwe hotelo imabwera msanga kuposa mmene mumaganizira, muyenera kubukitsa viza isanatuluke. Sankhani mtengo uja wolola kukansela ulele mpaka tsiku linalake, umakwererako pang'ono kuposa uja wolipiriratu osabweza, koma viza ikachedwa kapena akakukanani simulira kawiri. Ndipo onetsetsani kuti pa kalata ya bukingiyo pali maina a anthu nonse amene mukupita, osati la bambo okha mayi ndi ana kulibe.

Kenako masiku. Usiku uwiri kapena utatu ukukwana, ndipo ngati kuntchito angakuloleni pitani pakati pa sabata, Lolemba mpaka Lachinayi. Rumu yomweyo Loweruka imakwera mtengo moti mungaganize kuti aikamo china chatsopano, ndipo pa msika Loweruka madzulo simuyenda, mumangokankhidwa ndi gulu kupita komwe gululo likupita. Tsiku lotsegula ndi lokongola zedi, cha m'ma 5:30 madzulo amazimitsa magetsi, nkutulukira Christkind pa khonde la tchalitchi cha Frauenkirche, ameneyu ndi mtsikana wa mumzinda momwemo wazaka pakati pa 16 ndi 19 amene amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse, atavala mkanjo woyera ndi wagolide ndi chisoti chachifumu, nkulankhula mawu otsegulira msika. Koma ngati muli ndi ana aang'ono kapena agogo, zimenezo kaonereni pa YouTube, anthu amayamba kudikira maola ambiri isanakwane nthawi ndipo wamfupi amangoona misana. China, musakonze kufika pa 24 kuti mukadyere Khrisimasi konko poganiza kuti ndiye pachimake. Pa 24 msika umatseka 2 koloko masana, mashopu chimodzimodzi, aliyense amalowa m'nyumba ndi banja lake, pa 25 ndi 26 ndi holide, ndipo timahotelo tina timatsekeratu masiku amenewo.

Tsopano tsegulani mapu, apa musathamange. Tauni yakale ya Nürnberg yazunguliridwa ndi mpanda wamiyala, siteshoni yaikulu ya sitima, Hauptbahnhof, ili kunja kwa mpandawo chakumwera, nyumba yachifumu ya Kaiserburg ili pamwamba pa phiri chakumpoto, ndipo pakati padutsa mtsinje wa Pegnitz. Mbali ya kumwera kwa mtsinje ndi ya tchalitchi cha Lorenzkirche, ya kumpoto ndi ya Sebalduskirche, ndipo msika uli mbali ya kumpotoyo pafupi ndi mtsinje. Kuchokera pa siteshoni mukatsata Königstraße, kudutsa Lorenzkirche, kutsikira pa mlatho wa Museumsbrücke, mphindi 15 mwafika pa msika. Ndiye hotelo iliyonse yomwe ili mkati mwa mpanda ndi yabwino pa nkhani ya mtunda. Mbali ya Lorenz ndi yosavuta ndi katundu chifukwa siteshoni ili pafupi ndipo kuli mashopu ambiri. Mbali ya Sebald ndi yokongola kwambiri koma mukayandikira Kaiserburg ndi chikweza, misewu yake ndi yoyala miyala, sutikesi ya matayala imalira gudugudu msewu wonse nkumakukokani dzanja, kukagwa snow kapena kukaundana kumaterera. Kufupi ndi siteshoni mitengo imatsikako koma usiku kumakhala phokoso, ndipo kamsewu ka Frauentormauer kutsata mpanda chakumadzulo kwa siteshoni nkodziwika ndi ntchito za usiku, a mabanja ingodziwani musanadabwe pamaso pa apongozi. Mkati mwa mpanda mukapeza modzaza kapena mitengo yapenga, yang'anani ku Gostenhof chakumadzulo, kapena tauni yoyandikana nayo ya Fürth, sitima yapansi ya U1 imakafika konko molunjika. Njanji yoyamba mu Germany yense inali yomweyi ya Nürnberg kupita Fürth mu 1835, ndiye anthu akhala akuyenda pakati pa matauni awiriwa kuyambira kale, kungoti mwayi wobwerera ku rumu masana umachepa.

Mukapeza kahotelo kokusangalatsani musangoona zithunzi za bedi, werengani timalemba tating'ono. Akalemba Hotel garni kapena Pension ndiye kuti chakudya chomwe chilipo ndi cham'mawa chokha, lesitilanti kulibe, rumu sevisi kulibe. Onani ngati bafa ndi toyileti zili mu rumu momwemo, chifukwa marumu ena otsika mtengo amagawana pa kolido. Onani lifti. Tauni yakaleyi inaphwasulidwa pafupifupi yonse ndi mabomba pa 2 January 1945, nyumba zambiri zomwe zikuoneka zamakedzana anachita kumanganso nkhondo itatha, koma anatsata tinjira ndi timapuloti takale, ndiye zambiri nzowonda, masitepe opapatiza okhotakhota, lifti mwina ilipo yolowa anthu awiri opanda katundu mwina kulibiretu. Akakuuzani kuti rumu ili pa 3. Stock ndiye kuti mukwera masitepe katatu, pansi samawerenga, amapatcha Erdgeschoss. Amene mawondo amavuta funsiranitu.

Ndipo chachikulu pa zonse, onani nthawi yomwe resepushoni imatseka. Timahotelo tambiri totere pamakhala munthu kuyambira m'mawa mpaka mwina 6 kapena 8 madzulo, kenako ziii. Ndege zotchipa zambiri zimatera usiku. Ndiye mukangobukitsa lembani imelo yaifupi ku hotelo yeniyeniyo, Chingerezi amamva, muwauze tsiku ndi nthawi yomwe ndege ikutera, mufunse kuti kiyi mukamupeza bwanji ngati mwafika atatseka, mupemphe rumu yoyang'ana kuseri osati kumsewu, ndipo mufunse ngati mu rumu muli ketulo. Akakuyankhani nthawi zambiri amakupatsani nambala ya kabokosi kachitsulo kali pa khoma pafupi ndi chitseko, mumadina manambalawo kabokosi nkutseguka, mkati muli envelopu ya dzina lanu ndi kiyi. Nambala imeneyo ilembeni papepala muike m'thumba la jekete, ndi nambala ya foni ya mwini wake yomwe, chifukwa foni pachisanu batire imatha mofulumira modabwitsa ndipo imakonda kuzima nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Za rumu yakuseri ndikunenera mabelu, matchalitchi a m'tauni yakale amaimba ndithu, kuphatikiza anthu obwerera ku msika atamwa vinyo wotentha akuimba zawo.

Za ketulo musaseke. Ku UK tinazolowera kuti rumu iliyonse ya hotelo ngakhale yachabechabe pamakhala ketulo, timatiyi ndi timikaka, ku Germany si lamulo, marumu ambiri mulibe. Ena amakubwerekani mukapempha, ena amaika pa kolido. Amene simugona osamwa tiyi nyamulani ka ketulo kakang'ono kapaulendo ndi masamba anu. Adaputa musaiwale, soketi zawo ndi za timabowo tiwiri tozungulira, mapulagi athu a mano atatu a ku UK ndi ku Malawi salowa, ndipo mu rumu yaing'ono soketi zimakhala zochepa ndiye adaputa imodzi ndi ekisitenshoni yaifupi zimathandiza banja lonse. Zovala zikhale zosanjikiza, vesiti yotentha mkati, juzi, jekete losalowa mphepo, sikafu, magolovesi, chipewa chobisa makutu. Koma ndalama zanu ikani pa nsapato ndi masokosi, chifukwa pa msika mumaima kwambiri kuposa kuyenda ndipo chisanu chimalowera pansi pa miyala paja kukwera m'miyendo. Snow musaiyembekezere kwambiri, zaka zina imagwa zina ayi, kawirikawiri kumangokhala chinyezi ndi mitambo. Mafuta odzola nyamulani okwanira, mpweya wa m'marumu otenthetsedwa umaumitsa khungu mpaka kutuwa. Ndi kashi, ma euro a mapepala ang'onoang'ono ndi makobidi, chifukwa si malo onse ogulitsa pa msika amene amalandira khadi.

Mukatera pa eyapoti ya Nürnberg, yomwe anaitcha dzina la wojambula Albrecht Dürer, musavutike ndi takisi, sitima yapansi ya U2 ili pakhomo pomwepo ndipo pafupifupi mphindi 12 mwafika pa Hauptbahnhof. Imayenda yopanda dalaivala, ana akakhala kutsogolo amasangalala. Tikiti gulani pa makina musanatsikire pa pulatifomu, kulibe mageti ndiye munthu umaganiza kuti nzaulele, koma oyendera akakupeza wopanda tikiti ndi 60 euro pompo ndipo nkhani ya ndine mlendo samaimva. Ngati ndege yotchipa mwaipeza ya ku München, sitima yothamanga ya ICE imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, kuchokera ku Frankfurt ndi maola awiri ndi pang'ono.

Pa resepushoni lonjerani kaye, kumeneko amati Grüß Gott, ndipo munthu amene mwamupezayo mwina ndi mwini wake weniweni, yemwenso mawa m'mawa adzakuphikireni khofi, ndiye ulemu wa tsiku loyamba umabwerera kwa inu masiku onse. Akupatsani fomu yolembapo dzina, adiresi ndi nambala ya pasipoti, musaone ngati akukukayikirani chifukwa cha khungu, ndi lamulo la dziko kwa mlendo aliyense wochokera kunja. Rumu imakhala yokonzeka cha m'ma 2 kapena 3 masana, mukafika m'mawa pemphani kusiya katundu, ambiri amalola, akakana kapena kukakhala kotseka pa siteshoni pali malokala olipira. Musanachoke pa kauntala funsani zinthu zitatu, nthawi ya chakudya cham'mawa, pasiwedi ya Wi-Fi, ndi mmene chitseko chakunja chimatsegukira usiku. Kawirikawiri kiyi wa rumu yemweyo amatsegulanso chakunja, kapena pamakhala wachiwiri pa ling'i yomweyo. Muyeseni masana munthu akadalipo, maloko ena amafuna kupotokola kawiri uku mukukokera chitseko kwa inu, ndipo kuphunzira zimenezo 11 koloko usiku zala zitauma sikosangalatsa.

Mu rumu muli zinthu zingapo zomwe zimasokoneza obwera koyamba. Hita ili pansi pa zenera, ndi ija ya madzi otentha, pambali pake pali chogwirira chozungulira cholembedwa 1 mpaka 5. Anthu akalowa akunjenjemera amapotokola mpaka 5 poganiza kuti itentha msanga, ayi, manambalawo akunena za pomwe kutentha kukaimire osati liwiro, 3 ndi pafupifupi 20 digiri ndipo ndi pabwino, pa 5 mudzadzuka pakati pa usiku kukhosi kuli gwa mutu ukuwawa. Magolovesi ndi masokosi onyowa yanikani pamenepo, nsapato ikani pafupi osati pamwamba. Zenera nalo lili ndi nzeru zake, chogwirira chikaloza pansi ndiye latsekedwa, chikagona chopingasa limatseguka lonse ngati chitseko, mukachilozetsa m'mwamba limangopendekera mkati chakumtunda nkusiya kampata, ndiye mukaona likugwera kwa inu musakuwe kuti mwathyola zenera la eni. Bedi la anthu awiri limakhala ndi maduveti awiri, aliyense yake, sikuti aiwala kapena akufuna kukulekanitsani, ndi mmene amagonera, ndipo pilo wake ndi chachikulu cha makona anayi ofanana chofewa kwambiri, chipindeni pakati. Madzi a pa mpopi ndi abwino kumwa. Mukagula a m'botolo onani kaye chifukwa ambiri ndi a gasi, ndipo botolo lapulasitiki musataye, muli 25 cent yanu yomwe mumabwezeredwa pa makina a mu supamaketi.

Chakudya cham'mawa ngati sichili kale mu mtengo wa rumu, ine ndimati lipirani. Sichikhala chokazinga ngati cha Angerezi, ndi timabanzi tolimba kunja tofewa mkati, tchizi, nyama zozizira zodula mopyapyala, dzira lowiritsa, jamu, yogati, zipatso ndi khofi wambiri, ndipo mukadya mokwanira mumafika masana osagula kanthu pa msika pomwe chilichonse ndi chodula. Kachipinda kodyera kamakhala kakang'ono, matebulo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiye pitani molawirira, ndipo nthawi ikakwana amachotsa osayang'ana nkhope. Kumanga mabanzi mu sevieti kuti mukadye masana, chonde abale, mu chipinda chotere mwini wake akuona chilichonse, ngati mukufuna pemphani. Amene simudya nkhumba, a Chisilamu ndi a Seventh Day, samalani ndi mbale ya nyama ija, yambiri ndi nkhumba, funsani kapena khalani pa tchizi ndi mazira.

Tsopano tsiku lenilenilo muligawe pawiri, apa ndi pomwe kahotelo kapafupi kamabweza ndalama zanu. Msika umatsegula 10 koloko, m'mawa anthu amakhala ochepa, ndiye nthawi yogula ndi imeneyi, mutha kuima pa timashedi tamatabwa tofolera ndi nsalu ya mizere yofiira ndi yoyera tija nkuona zinthu mwachifatse, zokongoletsera mtengo wa Khrisimasi, angelo a golide, ndi tizidole topangidwa ndi zipatso zouma ndi mtedza totchedwa Zwetschgenmännle tomwe ndi ta kumeneko kwenikweni. Msikawu ndi wakale, ku Germanisches Nationalmuseum kuli kabokosi kamatabwa kolembedwa chaka cha 1628 komwe kamatchula msikawu, ndipo nkhondo itatha unayambiranso mu 1948 pakati pa mabwinja. 12 koloko ikamakwana imani kutsogolo kwa Frauenkirche muyang'ane m'mwamba pa wotchi, tizidole ta akalonga asanu ndi awiri timatuluka kuzungulira mfumu Karl IV, mphindi zochepa chabe koma ana amakonda. Pakona pa bwalo pali chitsime cha Schöner Brunnen, pa mpanda wake wachitsulo pali mphete yomwe anthu amaizunguza kuti akhale ndi mwayi, mzere wake ndi wa zithunzi basi. Kuseri pang'ono pa Rathausplatz pali msika wina waung'ono wa mizinda yomwe ili pa ubale ndi Nürnberg, kuphatikizapo Glasgow, a ku Scotland mukapeza zakwanu konko, ndipo pa Hans-Sachs-Platz pali msika wa ana wokhala ndi makatungwe ozungulira.

Cha m'ma 1 kapena 2 zala zikayamba kusamva, bwererani ku rumu, siyani zomwe mwagula, vulani nsapato, gonani ola limodzi. Amene tulo ta masana simutidziwa lowani mu myuziyamu, ya zidole za ana ili pafupi, nyumba ya Dürer ili m'munsi mwa Kaiserburg, ya sitima ili kufupi ndi siteshoni, kapena kwerani U1 kutsikira Bärenschanze mukaone khoti lomwe anazengera milandu akuluakulu a Nazi mu 1945 ndi 1946, kungoti onani kaye masiku otsegula chifukwa aliyense ali ndi tsiku lake lopuma. Dzuwa limalowa itangopitirira 4 koloko, ndiye cha m'ma 4 muvale zonse mutuluke, kwerani ku Kaiserburg muone madenga ofiira a mzinda wonse magetsi akuyaka, nkutsetserekera ku msika uku kukuda. Zithunzi zija mumasirira pa status zimajambulidwa nthawi imeneyi.

Kudya kwa madzulo ndi koimirira. Soseji za ku Nürnberg ndi zazing'ono, 7 mpaka 9 cm, zowotcha pa moto, amaika zitatu mu banzi limodzi ndi masitadi, mukati Drei im Weggla akumvani, koma kumbukirani ndi nkhumba yokhayokha. Osadya nkhumba pali bowa wokazinga, mbatatesi, mtedza wa amondi wokazinga ndi shuga, ndi Lebkuchen, makeke ofewa a uchi, mtedza ndi zonunkhiritsa omwe mzindawu umadziwika nawo, abwino kwambiri ndi a Elisen omwe ufa wake ndi wochepa mtedza wambiri. Chakumwa chotchuka ndi Glühwein, vinyo wotenthetsa ndi sinamoni ndi zina, amakoma ngati juwisi koma ndi mowa ndithu, makapu awiri pachisanu mumamva bwino, mukalowa mu rumu yofunda ndi pomwe amakukwerani. Osamwa mowa ndi ana funsani Kinderpunsch, amabwera mu kapu yomweyo yotentha chimodzimodzi. Polipira mudzaona ngati akuberani chifukwa mtengo ukuposa womwe walembedwa, ayi, awonjezera ma euro angapo a chikole cha kapu, mukabweza kapu amakubwezerani, ena amakupatsaninso kachizindikiro kobwezera limodzi ndi kapuyo ndiye musakataye. Mukafuna kusunga kapu ngati chikumbutso palibe mlandu, mwaigula ndi chikole chija. Chikwama chikhale kutsogolo, foni m'thumba la mkati, pagulu lotere akuba sasowa.

Msika umatseka cha m'ma 9 usiku. Pobwerera ku hotelo kumbukirani kuti kuyambira 10 koloko ndi nthawi ya chete ndipo Ajeremani nkhani imeneyi samaseka nayo, makoma a timahotelo toterewa ndi opyapyala, ndiye vidiyo kolo ya kumudzi yokhala pa sipika ndi banja lonse likulandirana foni, ichitike masana aja mwabwera kudzapuma, nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi ola limodzi lokha ndiye palibe amene mukumudzutsa. Chitseko chakunja onetsetsani kuti chatsekeka kumbuyo kwanu, palibe mlonda wodzatseka. Ndipo ngati ulendo wanu wadutsa Lamulungu, madzi, mkaka wa mwana, zipatso ndi zina gulirani Loweruka isanakwane 8 madzulo, Lamulungu masupamaketi satsegula, otsala ndi a pa siteshoni omwe mzere wake umafika panja. Msika wokha umakhala wotsegula.

Usiku womaliza, kapena pa chakudya cham'mawa cha dzulo lake, funsani za bilu. Ngati ndege yanu ndi ya m'bandakucha lipiriranitu ndipo mufunse pomwe musiye kiyi, nthawi zambiri ndi kabokosi ka pa kauntala kapena ka makalata, ndipo samalani kuti mwatulutsa katundu yense musanaponye kiyi chifukwa chitseko chikadzitsekera mwatsala panja. Kutuluka mu rumu ndi 10 kapena 11 koloko, ngati ndege ndi yamadzulo siyani katundu pansi mukazungulire komaliza. Ka euro kamodzi kapena tiwiri pa tebulo ka woyeretsa rumu si lamulo koma nkabwino. Makapu aja kulungani m'masokosi muike pakati pa zovala, Lebkuchen gulani a m'chitini kuti asaphwanyike, amakhala masabata angapo ndiye amafika pa Khrisimasi bwinobwino, botolo la Glühwein lipite mu sutikesi yaikulu osati m'chikwama cha m'manja. Soseji ndi tchizi a ku UK zisiyeni, mu April 2025 boma la Britain linaletsa apaulendo kulowa ndi nyama ndi za mkaka zochokera ku EU chifukwa cha matenda a ziweto a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndiye onani pa webusaiti ya boma mmene lamulo liliri sabata yomwe mukuyenda musanawononge ma euro anu pa zinthu zokasiya pa eyapoti.